KALATA YA KU MIGODI: Ndeke ya ku Ndola kunka ku Mfuwe idzabwera ndi mipando yodzaza

Mlungu uno ndifuna kuti tikambirane za ndeke. Ndidziwa kuti ena mudzati: "Ife a khasu, ndeke itikhudza potani? Timangoiona iri kudutsa kumwamba ngati kabawi." Ndipempha kuti mundilezere mtima kufikira kumapeto, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mudzapeza kuti nkhaniyi ifika ndi pa dimba lanu lomwe.

Ndiri ndi mnansi kuno ku Kitwe, mwamuna wa Cikunda wocokera m'dziko la Mfumu Jumbe, amene wagwira nchito ya pansi pa mgodi zaka zambiri. Tsiku lina Lolemba usiku analandira lamya yakuti amai ake adwala kwakayakaya ndipo ali kuchula dzina lake. Laciwiri analawira nakwera basi ya ku Lusaka, koma pofika kumeneko anapeza mabasi a kum'mawa atanyamuka kale, cotero anagona pa benci pa sitesheni. Lacitatu anayenda tsiku lonse nafika ku Chipata kutada. Lacinai m'mawa anapeza galimoto ya ku Mambwe, koma pamene anali kulowa m'mudzi anakomana ndi adzukulu ali kubwerera kumanda, makasu ali pa phewa.

Atabwerako tinapita kukam'pepesa. Pamene anthu ena anali kutsazika, iye anandigwira dzanja nati: "Akulu, inu mumalemba m'nyuzi, tandiuzani. Ndeke zimene zimanyamuka pa Ndola zimanka ku Johannesburg, ku Nairobi ndi ku Addis Ababa. Kodi kwathu kum'mawa ndiko kutali koposa maiko onsewo?" Pa nyumba ya maliro sipokambirana zotere, cotero ndinangoti cete. Lero ndifuna kumuyankha, ndipo ndimuyankha pamaso panu, cifukwa ambiri a inu muli ndi ana kuno ku Migodi.

NJIRA YOZUNGULIRA

Tiyambe ndi kupima njira. Kucokera ku Kitwe kufika ku Ndola ndi makilomita 60 ndi mphambu zocepa. Kucokera ku Ndola kutsikira ku Lusaka, kudzera ku Kapiri Mposhi ndi ku Kabwe, ndi makilomita pafupifupi 320. Pamenepo munthu atembenukira kum'mawa, naoloka mlatho wa Luangwa, napyola Kacholola, Nyimba, Sinda ndi Katete, nafika ku Chipata atatha makilomita ena pafupifupi 570. Wonka ku cigwa atsalabe ndi makilomita oposa 100 kuti aone Mfuwe. Tikaphatikiza, ulendo wonse upitirira makilomita 1,000. Koma mukatenga mapu ndi kuyala ulusi woongoka kucokera pa Ndola kufika pa Mfuwe, mudzapeza makilomita pafupifupi 360 okha. Ndeke yaing'ono ya zopukusa ziwiri itha mtunda umenewu pa nthawi ya ola limodzi kapena kucepererapo.

Kuzungulira kumeneku kuli ndi mbiri yake. Njanji inafika ku Ndola mu 1909 kucokera kumwera, ndipo atsamunda analambula miseu yao yonse kuti ikathere ku njanjiyo, pakuti cimene anali kufuna ndico kutulutsa miyala ya mtengo wapatali ndi kubweretsa amuna a nchito. Sanasamale zakuti Cigawo ca Migodi ndi Cigawo ca Kum'mawa zionane maso ndi maso. Pakati pa zigawo ziwirizi pali mapiri a Muchinga ndi cigwa cakuya ca Luangwa, ndipo palibe mseu wa tara umene udula pakati penipeni.

Njira za m'mlengalenga nazo zinatsata mapazi a miseu. Kwa zaka zambiri munthu wa ku Migodi wofuna kufika ku Mfuwe pa ndeke wakhala akuyamba watsikira ku Lusaka, ulendo wa mphindi pafupifupi 45, nadikira kumeneko, nakwera ndeke yina ya ola limodzi ndi mphindi zocepa. Alipira kawiri, ndipo ngati nthawi za ndeke ziwirizo sizigwirizana, agona ku Lusaka monga mnzake wa pa basi.

MABWALO ALIPO KALE

Komatu tisanene kuti Boma silinacite mbali yake. Pa 5 Ogasiti 2021 Mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, a Edgar Lungu, anatsegulira bwalo latsopano la ndeke kumadzulo kwa Ndola, pafupi ndi pamene ndeke ya a Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, inagwera mu Seputembala 1961. Bwaloli lichedwa ndi dzina la a Simon Mwansa Kapwepwe. Linamangidwa ndi kampani ya ku China pa mtengo wa madola 397 miliyoni, ambiri mwa iwo a ngongole. Mseu wake wothamangirapo ndeke ndi wotalika makilomita 3.5, ndipo linapangidwa kuti lizilandira anthu 1 miliyoni pa caka. Popeza liri ca ku mseu wa ku Kitwe, munthu wa ku Kitwe kapena ku Luanshya afikapo mosabvuta.

Ku mbali ya kwathu kuli bwalo la Mfuwe, limodzi la mabwalo anai akuluakulu amene kampani ya Zambia Airports iyang'anira, pamodzi ndi la Kenneth Kaunda ku Lusaka, la Harry Mwaanga Nkumbula ku Livingstone ndi la Ndola lomweli. Mfuwe ndilo khomo la nkhalango ya South Luangwa, imene inakhala paki ya dziko mu 1972, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050. Alendo amacokera kutsidya la nyanja kudzaona njobvu, mikango, anyalugwe, mvuu, ndi mtundu wa nyamalikiti umene supezeka kwina kulikonse koma m'cigwa cathu cokha.

Tsono mabwalo alipo, uku ndi uku. Koma mlimi aliyense adziwa kuti kumanga nkhokwe sikudzaza nkhokwe. Bwalo la ndeke siliitana ndeke. Cimene ciitana ndeke ndi anthu okhala pa mipando yake, popita ndi pobwera, mlungu ndi mlungu. Kuti timvetse bwino zimenezi, tiyeni tipite pang'ono ku Ulaya, kumene nchito yonyamula anthu kucoka ku mizinda ikuluikulu kunka ku malo opumulirako inakhwima kalekale.

PHUNZIRO LA KU ULAYA

M'mizinda ya kumpoto monga London, Stockholm, Oslo ndi Helsinki kumazizira miyezi yambiri ndipo dzuwa limasowa. Kumwera kwao kuli nyanja ya Mediterranean, ya madzi ofunda ndi magombe a mcenga, ndipo anthu a kumpoto amalakalaka kukaothera dzuwa kumeneko. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itangotha, ulendo wotere unali wa anthu olemera okha. Mu 1949 mnyamata wina wa ku London, dzina lake Vladimir Raitz, anayambitsa kampani yochedwa Horizon Holidays, ndipo mu 1950 anayamba kunyamula anthu kucokera ku bwalo la Gatwick kunka ku Calvi, pa cisumbu ca Corsica, pa ndeke ya mtundu wa Dakota yotsala ku nkhondo. Alendo ake anali kugona m'matenti pa gombe.

Ciyambi cake sicinali capafupi. Boma la Britain, pofuna kuteteza kampani yake ya ndeke, linamlola poyamba kunyamula aphunzitsi ndi ophunzira okha, ndipo pa ulendo woyamba, mu Meyi 1950, olipira anali anthu 11 cabe. Koma nzeru yake inali iyi: sanakhale pansi kudikira kuti kampani ya ndeke itsegule njira. Anabwereka ndeke yathunthu molipira, natenga mipando yonse pa mutu pake, ndipo anagulitsa tikiti, pogona ndi cakudya pa mtengo umodzi umene munthu wa malipiro a pa mwezi akadatha kusunga. Mu 1952 anayamba ulendo wa ku Palma, pa cisumbu ca Mallorca. Bwalo la ndeke la Palma linalandira anthu oposa 30 miliyoni m'caka ca 2023.

Kufikira lero njira zotere zimakonzedwa mwa dongosolo lomwelo. Makampani a ndeke amagawa caka pawiri, ndipo ndandanda ya cilimwe ca ku Ulaya imayamba Lamulungu lomaliza la Malichi ndi kutha kumapeto kwa Okutobala. Kukali pafupifupi caka cathunthu, eni mahotela a ku gombe, akuluakulu a tauni, oyang'anira bwalo la ndeke ndi ogulitsa maulendo a ku mzinda wa kumpoto amakhala pamodzi. Ogulitsa maulendo amalonjeza kugula mipando yakutiyakuti, eni mahotela amathandiza kulengeza, ndipo kawirikawiri a bwalo amatsitsa msonkho wotera kwa kanthawi. Ndeke imayamba kamodzi kapena kawiri pa mlungu, m'miyezi ya alendo yokha. Ikadzaza amaonjezera masiku, ikapanda kudzaza amaicotsa popanda mwambo.

Cocititsa cidwi ndi cakuti m'caka comweco ca 1950 nzeru yofanana nayo inali kumera m'cigwa cathu. A Norman Carr, amene anali m'nchito yoyang'anira nyama, anapangana ndi Mfumu Nsefu kuti ipatule gawo la dziko lake likhale losungiramo nyama, ndi kuti amangemo msasa wa alendo, ndalama zake zizipita kwa Akunda eni dziko. Ndiwo amenenso anachukitsa maulendo oona nyama poyenda pansi, amene Luangwa adziwika nao dziko lonse lapansi. Malo opumulirako tsono tiri nao kuyambira kale. Cimene sitinacite ndico kuwalumikiza ndi mizinda yathu ya ku Migodi.

TIWERENGERE LIMODZI

Kampani ya ndeke isanatsegule njira imafunsa mafunso anai, ndipo loyamba ndi la mipando. Titenge ndeke ya mtundu wa Jetstream 41, ya mipando 29, monga zimene kampani ya Proflight yagwiritsa nchito m'dziko muno. Ikamauluka Lacisanu ndi Lolemba, kupita ndi kubwera, ndiye kuti pa mlungu pali mipando 116. Kuyambira Juni kufikira kumapeto kwa Okutobala ndi milungu pafupifupi 22, ndiyo mipando 2,552. Makampani a ndeke pa dziko lapansi masiku ano amadzaza mipando pafupifupi 80 pa 100 iriyonse. Tikatenga muyeso umenewu, pafunika mipando yoposa 2,000 pang'ono, ndipo popeza munthu mmodzi apita nabwerera, ndiwo anthu pafupifupi 1,000, kapena 46 pa mlungu. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Kitwe, oposa 600,000 m'boma la Ndola, ndi oposa 2.7 miliyoni m'Cigawo conse ca Migodi.

Anthu 46 amenewa acokera kuti? Alipo alendo a kunja amene atera pa Ndola kucokera ku maiko ena. Alipo akatswiri a m'migodi ndi a makampani ogulitsa zipangizo, a kuno, a ku Solwezi ndi a ku Lubumbashi, amene ali ndi ndalama koma alibe masiku atatu oti athere pa mseu. Alipo aphunzitsi, anamwino, madokotala ndi amalonda a dziko lino amene sanaonepo njobvu ndi maso ao, ngakhale kuti nzika ya Zambia imalipira zocepa polowa m'paki kusiyana ndi mlendo wa kunja. Ndiponso tiripo ife ana a kum'mawa, amene makolo athu anayamba kubwera kuno migodi ya Nkana, Roan Antelope ndi Mufulira itangotsegulidwa, ndipo maukwati, maliro ndi milandu ya minda zimatiitana kwathu caka ndi caka. Anthu alipo ndithu, koma ali omwazikana, ndipo palibe amene wawalemba pa pepala limodzi.

Funso laciwiri ndi la nyengo. Alendo amaculuka ku Luangwa kuyambira Juni kufikira Okutobala, pamene udzu wauma ndipo nyama zisonkhana ku mtsinje. Mvula ikayamba misasa yambiri ya m'chire imatsekedwa cifukwa ca matope. Cotero njira yathu iyenera kuyamba monga za ku Mediterranean, ya miyezi ya malimwe yokha. Mwai wake ndi wakuti masiku opumula agwera m'miyezi yomweyo: Lolemba ndi Laciwiri loyamba la Julayi, pamenenso ku Ndola kumakhala cionetsero ca zamalonda, Tsiku la Alimi kuciyambi kwa Ogasiti, mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa mwezi womwewo, ndi tsiku la Ufulu pa 24 Okutobala. M'dzinja muli Khrisimasi, ndi Nc'wala ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la Febuluwale. Masiku otere angathe kudzaza ndeke yapadera ngakhale njira ya mlungu ndi mlungu itaima.

Funso lacitatu ndi la mtengo. Ndeke imadya zofanana kaya muli anthu 5 kaya 29. Mafuta okha amatenga gawo limodzi mwa magawo anai kapena atatu a ndalama zonse zoyendetsera, ndipo kwa ife a dziko lopanda gombe amacokera kunja ndi kugulidwa ndi madola, monganso zitsulo zokonzera ndeke ndi inshuwalansi. Ulendo waufupi umadula pa kilomita iriyonse cifukwa ponyamuka ndi pokwera m'mwamba ndi pamene mafuta amapsa kwambiri. Palinso kutentha kwa cigwa, kumene mu Okutobala kumafika madigiri 40. Mpweya wotentha ndi wopepuka ndipo mapiko saugwira bwino, cotero masiku ena woyendetsa ayenera kucepetsa katundu. Amai amene muzolowera kupatsira ana anu thumba lathunthu la nshawa ndi mtanga wa ufa, zimenezo zidzapitirira kuyenda pa basi.

Funso lacinai ndi la cilolezo. Yang'ananinso ulusi uja tinayala pa mapu. Ukangocoka pa Ndola ulowa m'dziko la Congo, m'kacigawo kaja kolowerera m'dziko lathu kamene timacha Pedicle, kumene adutsa anthu ocoka ku Mokambo kunka ku Chembe. Malire amenewa anacokera m'pangano la Britain ndi Mfumu Leopold ya ku Belgium la mu 1894. Pangano la maiko la ku Chicago la mu 1944 linakhazikitsa kuti dziko liri lonse ndilo mwini wa mlengalenga wa pamwamba pake. Tsono ndeke yathu iyenera kupeza cilolezo ca a Congo ndi kulipira msonkho wao, kapena kukhotera kumwera ca ku Mkushi ndi kuonjezera mtunda. Bungwe lathu loyang'anira za ndeke, la Civil Aviation Authority, liyeneranso kubvomereza ndeke, oyendetsa ndi ndandanda. Zimenezi si zocedwetsa cabe ai. Kuyambira 2009 kufikira 2016 maiko a European Union analetsa ndeke za makampani a Zambia kulowa kwao cifukwa ca kuperewera kwa kuyang'anira, ndipo panapita nchito yaikulu kuti ciletsoco cicotsedwe.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Wina angati: "Bwanji Boma lingolamula kuti ndeke iziuluka, ndi kulipira mipando yotsala?" Akulu amene muli ndi imvi mukumbukira Zambia Airways yoyamba, imene inabadwa mu 1964. Mukumbukira ndeke yaikulu ija ya DC-10 yochedwa Nkwazi, imene inafika mu 1984 ndipo inanyamula mbendera yathu kunka ku London ndi ku New York. Tinali kuinyadira tonse. Koma ngongole zinaunjikana kufikira Boma silinathenso kuzisenza, ndipo mu Disembala 1994 kampaniyo inatsekedwa, anchito ake nabwerera ku nyumba. Zambian Airways, imene inacokera ku nthambi ya ndeke ya makampani a migodi, inaima mu Januwale 2009. Angakhale akuluakulu a kunja sacita manyazi: British Airways inaleka ulendo wa London ndi Lusaka mu 2013, ndipo KLM, imene inayamba kucokera ku Amsterdam mu 2012, inaleka mu 2014.

Zambia Airways yatsopano inayamba kuuluka pa 1 Disembala 2021, Boma liri ndi magawo 55 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines iri ndi 45, ndipo ulendo wake woyamba unali wa ku Ndola. Ngati tiikonda, tisaisenzetse mipando yopanda anthu. Ndalama imene Boma lingalipirire mpando wopanda munthu ndi yomweyo imene ikadagula feteleza, mankhwala a pa cipatala ca kwanu kapena mabuku a mdzukulu wanu. Ngongole ya bwalo la Ndola nayonso ibwezedwa ndi ife tonse, wokwera ndeke ndi wosakwera yemwe, ndipo njira yabwino yopeputsira mtolowo ndiyo kuti bwalolo likhale ndi ndeke zambiri zodzilipirira zokha.

ZOYENERA KUCITA

Mutu umodzi susenza denga. Eni malo ogona alendo ku Mfuwe akhale pansi ndi ogulitsa maulendo a ku Kitwe ndi ku Ndola, pamodzi ndi bungwe la Zambia Tourism Agency, apange mtengo umodzi wa m'makwaca wophatikiza tikiti, pogona, cakudya ndi kuona nyama, ndipo alonjeze kugula mipango ya mipando yakutiyakuti nyengo isanayambe. Makomiti a kuno ku Migodi amene amasonkhetsa za Nc'wala, Kulamba ndi Malaila alembe maina a ofuna kuyenda ndi kulandira ndalama za cikole, pakuti kampani ikhulupirira cikole koposa malonjezo a pakamwa. Makampani a migodi ndi bungwe la Mineworkers Union of Zambia aganizire zolola wanchito kulipira ulendo wa banja lake pang'onopang'ono pa malipiro. A Zambia Airports aganizire zotsitsa msonkho wotera m'nyengo yoyamba. Makhonsolo a Mambwe ndi Chipata aone kuti pa tsiku la ndeke pa bwalo pakhale basi yaing'ono yonka ku Chipata, pakuti ndeke imene ikusiya munthu pa bwalo popanda galimoto siinamfikitse kwao. Zonsezi zikalembedwa pa pepala limodzi ndi manambala ake, ndiye apite nalo kwa makampani a ndeke.

Nanga inu a khasu? Mlendo aliyense wotsika pa Mfuwe adya katatu pa tsiku. Afuna matimati, anyezi, kabici, mazira, nkhuku ndi zipatso, ndipo pobwerera agula mphasa, madengu, nsalu ndi zosema. Malo ogona alendo amagula kwa munthu amene abweretsa katundu wabwino pa tsiku lopangana mosadumphitsa, ndipo mlimi mmodzi payekha sangathe kutero. Cotero makopaletivi a madimba a ku Mambwe, Chipata ndi Katete akonzeke. Ana anu amene atha sukulu angapeze nchito za kuphika, kuyendetsa galimoto ndi kutsogolera alendo. Ndidziwa kuti inu a ku cigwa ndinu amene mumagona m'minda kuingitsa njobvu, ndipo ena mwataya cimanga, ena abale. Ngati nyamazo zibweretsa cuma, muli ndi ufulu wofunsa mafumu anu ndi mabungwe a m'midzi oyang'anira zacilengedwe kuti gawo lanu liri kuti, ndipo alendo akaculuka mau anu adzalemera.

Tsono kwa mnansi wanga ndinena moona. Kwathu sikuli kutali koposa Nairobi ai. Ndeke zimanka ku Nairobi cifukwa mipando yake iri ndi eni, pamene ya kwathu sitinaiwerenge. Sindidzamnyenga kuti tikiti idzakhala yochipa, pakuti idzaposa ya basi kangapo, ndipo ambiri a ife tidzapitirira kuona mlatho wa Luangwa pa zenera la basi. Sindidzamnyenganso kuti ndeke ya Lacisanu ndi Lolemba ikadamthandiza, popeza lamya yake inalira Lolemba usiku. Koma njira imene iyamba ndi masiku awiri, ikadzaza, imalandira tsiku lacitatu. Pakadakhala ndeke ya Lacitatu, anzake a pa mgodi akadasonkha monga amacitira pa maliro onse, ndipo iye akadafika m'mudzi dzuwa lisanalowe, nagona pa maliro a amai ake, naponyako dothi m'manda m'mawa mwake.

Inu amene muli ndi ana kuno ku Migodi, mukamalankhula nao pa lamya afunseni ngati komiti ya kwao yayamba kulemba maina. Tidzaonananso mlungu wamawa. Tsalani bwino.

Ndine wanu,
Mlembi wa ku Migodi